Mavoti 107 uku, 107 uko: momwe Obama ndi Clinton anang'ambira chipani n'kuchisokanso

M'chigawo cha New Hampshire, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, kuli katauni kotchedwa Unity. Anthu ake sakwana n'komwe 2,000. Dzinalo m'Chingerezi limatanthauza umodzi, ndipo pa chisankho cha chipulula chofuna woimira chipani cha Democratic pa upulezidenti mu Januwale 2008, mavoti a kumeneko anagawanika pakati penipeni: a Barack Obama 107, mayi Hillary Clinton 107. Choncho okonza kampeni atafuna malo oti awiriwa akaonekere limodzi, atakokana kwa chaka ndi miyezi ingapo, sanavutike kusankha. Pa 27 Juni anakwera ndege imodzi kuchoka ku Washington, anakhala mipando yoyandikana, n'kukaima pa nsanja imodzi pabwalo la sukulu ya m'kataunimo. Taye ya a Obama inali yabuluu, yoyenderana ndi suti ya mayi Clinton.

Woonera pa kanema tsiku limenelo akanayesa ndi munthu ndi mlongo wake amene anangosemphana pang'ono za malire a munda. Chonsecho masabata anayi okha m'mbuyomo, otsatira mayi Clinton anali akukuwa m'hotela ina ku Washington kuti chipani chawabera, ena akulumbira kuti akavotera John McCain wa chipani cha Republican. Umodzi wa ku Unity sunamere wokha ngati bowa. Unachita kusokedwa, ndipo amene anagwira singano nthawi yaitali ndi wogonjayo.

Kuti zimveke, tiyambe ndi malamulo a mpikisanowo. Kwathu kuno tinazolowera kuti woimira chipani pa upulezidenti amasankhidwa pa msonkhano waukulu, nthumwi zitadzaza holo imodzi n'kuponya voti tsiku limodzi. Ku America msonkhano wotere uliko, koma nthumwi zambiri zimafikako zitauzidwa kale ndi ovota a kwawo munthu woti zikamuvotere. Dongosolo limeneli linabadwa m'chipwirikiti cha 1968 ku Chicago, pamene akuluakulu a chipani anapereka mpando kwa Hubert Humphrey, munthu amene sanapikisane nawo pa chisankho cha chipulula ngakhale chimodzi, apolisi akukwapula anthu ochita zionetsero panja. Kuchokera pamenepo mphamvu inasamukira kwa ovota, chigawo ndi chigawo, kuyambira Januwale mpaka Juni.

Zigawo zambiri zimavota mwachinsinsi monga tidziwira. Zina, monga Iowa nthawi imeneyo, zinkachita msonkhano umene amautcha caucus, ndipo munthu amene anaimapo pa mzere kumbuyo kwa wopikisana pa mapulaimale a phungu sangaudabwe. Madzulo, kunja kuli chipale chofewa, anthu a dera limodzi amasonkhana mu holo ya sukulu kapena ya tchalitchi. Aliyense amakaima pa ngodya ya munthu amene akumufuna, aneba akuona. Gulu limene silinakwane anthu 15 pa 100 aliwonse limamwazika, ndipo a ngodya zinazo amayamba kunyengerera anthu akewo, wina kumukoka dzanja, wina kumukumbutsa za nkhondo ya ku Iraq. Apa sapambana wotchuka chabe. Amapambana amene ali ndi anyamata odziwa khomo la aliyense.

Pali zinthu zinanso ziwiri. Chipani cha Democratic chimagawa nthumwi molingana ndi mavoti, kotero wogonja m'chigawo sachoka chimanjamanja. Ndiye panali nthumwi zapadera pafupifupi 800, zimene amazitcha ma superdelegate: aphungu, abwanamkubwa a zigawo, atsogoleri akale ndi mamembala a komiti yaikulu. Awa anali omasuka kuvotera aliyense, ndipo pa nthumwi zisanu zilizonse imodzi inali ya mtundu umenewu.

Mayi Clinton analengeza zoima mu Januwale 2007 ali ndi zonse: dzina, ndalama, mpando wa seneta wa New York, ndi mwamuna amene analamula dzikolo zaka zisanu ndi zitatu. A Obama, amene analengeza pa 10 Febuluwale ku Springfield m'chigawo cha Illinois, anali atangokhala zaka ziwiri m'nyumba ya Senate. Pa mfundo ankasiyana pang'ono kwambiri. Kusiyana kooneka kunali kwa Iraq: mu Okotobala 2002 mayi Clinton anavotera zopatsa George W. Bush chilolezo cha nkhondo, pamene a Obama mwezi womwewo analankhula motsutsa nkhondoyo pa msonkhano ku Chicago. Ankatsutsananso ngati boma likakamize munthu aliyense kugula inshulansi ya chipatala. Kupitirira apo, manifesito awo anali mapasa. Ndipo ine ndimaona kuti mpamene panagona vuto. Anthu awiri akamalonjeza zofanana, mkangano suthera pa zimene adzachite, umatsetserekera pa chimene iwo ali. Wina akanakhala pulezidenti woyamba wakuda, wina mayi woyamba, ndipo mpando unali umodzi.

Anthu ambiri amaiwala kuti mu 2007 ovota akuda ambiri anali kumbali ya mayi Clinton. Banjali linali ndi ubale wakale ndi mipingo ya anthu akuda ndiponso aphungu awo. Mu 1998 mlembi Toni Morrison anatcha a Bill Clinton pulezidenti woyamba wakuda, pofanizira momwe adani awo ankawasakira, ndipo atachoka ku White House anakatsegula ofesi yawo ku Harlem, dera lodziwika la anthu akuda ku New York. A Obama nawo ankafunsidwa ngati alidi wakuda mokwanira. Bambo awo anali Mluo wa ku Kenya, mayi awo mzungu wa ku Kansas, anabadwira ku Hawaii n'kukulirako pang'ono ku Indonesia. Mbiri ya minda ya thonje ndi zionetsero za ku Alabama sinali ya kubanja kwawo. Mu 2000 anagonja moipa kwa Bobby Rush polimbirana mpando wa phungu m'dera la anthu akuda ku Chicago. Panalinso mantha ena amene achikulire ankanong'onezana: azungu sangamuvotere, ndipo akayandikira mpando amuwombera. Si nkhambakamwa, chifukwa asilikali oteteza atsogoleri anayamba kulondera a Obama mu Meyi 2007, chisankho chili kutali.

Iowa ndiye inatembenuza zonse. Pa 3 Januwale 2008, m'chigawo chimene anthu oposa 90 pa 100 aliwonse ndi azungu, a Obama anapambana ndi pafupifupi 38 peresenti, John Edwards anabwera wachiwiri, mayi Clinton achitatu. Wovota wakuda wa ku South Carolina anaona ndi maso ake kuti mlimi wachizungu angathe kuima pa ngodya ya munthu wakuda, ndipo chimene chinkamugwira miyendo chinamasuka.

Masiku asanu otsatira anali a amayi. Pa mtsutso wa pa kanema, mayi Clinton atafunsidwa chifukwa chimene anthu sawakondera, a Obama analowererapo mozizira kuti iwonso ndi okondeka ndithu pang'ono, ndipo amayi ambiri anamva chipongwe. Pa msonkhano wina ku Salem anyamata awiri anawakuwiza kuti akawasitire malaya. M'lesitilanti ina ku Portsmouth, mayi wina atawafunsa kuti amakwanitsa bwanji kudzuka tsiku ndi tsiku, mawu anawanjenjemera, misozi ili lengelenge. Pa 8 Januwale anapambana New Hampshire, kafukufuku yense atanena kuti agwa.

Sabata yomweyo ndi imene nkhani ya khungu inatulukira poyera. Pofuna kusonyeza kuti kulankhula bwino sikukwanira, mayi Clinton ananena kuti maloto a Martin Luther King anayamba kukwaniritsidwa pulezidenti Lyndon Johnson atadutsitsa lamulo la ufulu wa anthu la 1964, kuti panafunika pulezidenti kuti zitheke. Pa mbiri sananame. Koma m'makutu mwa munthu amene analumidwa ndi agalu a apolisi pa zionetsero za anthu akuda ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, zinamveka ngati akuti wakuda amalota, mzungu ndiye amachita. A Bill Clinton nawo anatcha nthano zonena za a Obama pa nkhani ya Iraq, ndipo mawuwo atayenda pakamwa ndi pakamwa anasanduka akuti kuima konse kwa munthu wakuda ndi nthano. Apa a Clinton anaponderezedwa, ndipo a kampeni ya Obama sanali angelo: ena mwa iwo anasonkhanitsa mawu oterewa n'kuwafalitsa, zimene a Obama anavomereza pa mtsutso ku Las Vegas kuti zinapyola muyeso.

Koma pa 26 Januwale, tsiku la South Carolina, a Bill Clinton analibe wowanamizira. Atafunsidwa za mphamvu ya a Obama, anakumbutsa atolankhani kuti Jesse Jackson, mbusa wakuda womenyera ufulu, nayenso anapambana chigawocho mu 1984 ndi 1988. Tanthauzo lake silinafune womasulira: ameneyu ndi wa akuda basi, sapita patali. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. A Obama anapeza 55 peresenti, mayi Clinton pafupifupi 27, ndipo mwa ovota akuda khumi, pafupifupi asanu ndi atatu anapita kwa a Obama. Jim Clyburn, phungu wamkulu wakuda wa chigawocho, anali atapempha kale a Bill kuti aziziritse mtima. Patapita zaka anaulula kuti usiku umenewo analandira foni yaukali yochokera kwa a Bill yomuloza chala. Patatha masiku awiri chichitikire chisankhocho, seneta Ted Kennedy, mng'ono wa pulezidenti wakale John F. Kennedy, anaima ndi a Obama. Mu Febuluwale phungu wakuda John Lewis, amene apolisi anamuswa mutu pa zionetsero pa mlatho wa ku Selma mu 1965 ndipo anali atalonjeza mayi Clinton, anasintha chifukwa anthu a m'dera lake ku Atlanta anali atavotera a Obama mwaunyinji. Amayi achikuda ndiwo anavutika koposa, aliyense akuwafunsa ngati ali akazi poyamba kapena akuda poyamba. Funsoli si latsopano: mu 1869 Frederick Douglass, womenyera ufulu wa anthu akuda, anasemphana ndi omenyera ufulu wa amayi Elizabeth Cady Stanton ndi Susan B. Anthony pa yemwe ayambe kupatsidwa voti. Amuna akuda analembedwa m'malamulo mu 1870, amayi anadikira mpaka 1920.

Pamene phokoso linali pa zimenezi, mpikisano weniweni unkathera pa masamu. Pa 5 Febuluwale zigawo zoposa 20 zinavota tsiku limodzi. Mayi Clinton anatenga zikuluzikulu: California, New York, New Jersey, Massachusetts. Koma taonani izi. Ku New Jersey anapeza nthumwi 59, a Obama 48, kusiyana kwa 11. Ku Idaho, chigawo cha anthu ochepa chimene a kampeni ya Clinton sanachilabadire, a Obama anatenga 15 mwa 18, kusiyana kwa 12. Kaholo ka ku Idaho kanafafaniza chipambano chonse cha New Jersey. Kampeni ya Clinton inawerengera kuti nkhondo ithera tsiku limenelo, ndalama zinaphwa, ndipo a Obama anapambana zisankho 11 zotsatizana. Pofika kumapeto kwa mweziwo anali patsogolo ndi nthumwi zoposa 100, ndipo chifukwa cha kagawidwe kaja, mpata wotere sutsekeka msanga. Koma kagawidwe komweko kanachititsanso kuti a Obama asafike pa nambala yofunika popanda nthumwi zapadera zija. Mayi Clinton anatsala ndi njira imodzi: kukhutiritsa akuluakulu a chipani kuti munthuyu sangapambane mu Novembala. Ndipo simunganene zimenezo za munthu wakuda woyamba popanda kukhudza khungu, mufune musafune.

Miyezi itatu yotsatira inali yonyansa. Chithunzi cha a Obama atavala nduwira ndi mkanjo wa Chisomali, chojambulidwa ku Wajir ku Kenya mu 2006, chinafalikira pa intaneti, mbali ziwirizi n'kumalozana zala za amene anachitulutsa. Samantha Power, mlangizi wa a Obama, anatula pansi udindo atatcha mayi Clinton chilombo polankhula ndi nyuzipepala ya ku Scotland. Geraldine Ferraro, mayi amene anaima pa wachiwiri kwa pulezidenti mu 1984, anachoka m'komiti ya zachuma ya Clinton atanena kuti a Obama akanakhala mzungu sakanafika pamene anafikapo.

Kenako panatulukira maulaliki a mbusa wawo wa zaka pafupifupi 20, Jeremiah Wright wa mpingo wa Trinity United Church of Christ ku Chicago, amene anawadalitsira ukwati ndi kubatiza ana awo. Ma wailesi a kanema ankabwereza usana ndi usiku kachigawo kamene m'busayo akutemberera America. Pa 18 Malichi ku Philadelphia a Obama anachita chimene anakhala akuchizemba chaka chonse: analankhula za khungu mwachindunji, kwa mphindi zoposa 30. Anadzudzula mawu a m'busayo, koma anati sangamutaye monga momwe sangatayire agogo awo aakazi achizungu, amene anawalera mwachikondi chonsecho anaululapo kuti amaopa amuna akuda akakumana nawo pamsewu. Anafotokoza mkwiyo wa akuda, n'kufotokozanso mkwiyo wa mzungu wosauka amene fakitale yake inatsekedwa ndipo saona mwayi umene akuti khungu lake linamupatsa. Zinali zolankhula zakupsa, koma sizinazimitse moto. Kumapeto kwa Epulo a Wright anabwereza zomwezo pamaso pa atolankhani ku Washington, a Obama anawakana poyera, ndipo pa 31 Meyi anachoka mu mpingowo.

Mu Epulo momwemo a Obama anadzipweteka okha. Pa msonkhano wosonkhetsa ndalama ku San Francisco ananena kuti anthu a m'matauni ang'onoang'ono, ntchito zitawathera, amawawidwa mtima n'kukakamira mfuti ndi chipembedzo. Mayi Clinton anapambana Pennsylvania, kenako West Virginia ndi Kentucky ndi mavoti ochuluka zedi. Mapu anali ataonekera: akuda, achinyamata ndi ophunzira kwa a Obama, amayi achikulire, anthu olankhula Chisipanishi ndi azungu ogwira ntchito zamanja kwa mayi Clinton. Mayi Clinton eni ake anazitchula poyera mu Meyi, pouza nyuzipepala ya USA Today kuti a Obama akufooka pakati pa anthu olimbikira ntchito, azungu. Pa 23 Meyi ku South Dakota, pofotokoza chifukwa chimene sakugonjera, anakumbutsa kuti Robert Kennedy anaphedwa mu Juni 1968 ali mkati mopikisana kuti aimire chipanichi. Ankatanthauza kuti mipikisano yakale inkafika Juni, ndipo anapepesa tsiku lomwelo, koma kwa anthu amene ankagona ndi mantha aja, mawuwo anali mpeni.

Otsatira mayi Clinton nawonso anali ndi dandaulo lomveka. Ankaona kuti kunyoza munthu wakuda pa kanema kumachotsetsa ntchito, koma kunyoza mawu a mayi, kuseka kwake ndi zovala zake kumangosekedwa. Ndiye panali Florida ndi Michigan, zigawo zimene zinaphwanya lamulo la chipani povota msanga, n'kulandidwa nthumwi. Mayi Clinton anapambana konseko, ngakhale ku Michigan dzina la a Obama silinali pa pepala lovotera. Pa 31 Meyi komiti ya malamulo inagamula kuti nthumwi za zigawozi zikhale ndi theka la voti, ndipo inapatsa a Obama gawo la Michigan. Kukuwa kwa m'hotela kuja kunali kwa tsiku limeneli. Panabadwanso gulu lotchedwa PUMA, dzina lofupikitsa mawu otukwana umodzi wa chipani.

Pa 3 Juni a Obama anadutsa nthumwi 2,118. Aliyense mwa awiriwa anali ndi mavoti pafupifupi 18 miliyoni. Usiku umenewo mayi Clinton sanagonje, ndipo akuluakulu a chipani anakumbukira 1980, pamene Ted Kennedy analimbana ndi pulezidenti Jimmy Carter mpaka pa msonkhano waukulu ku New York, n'kumazemba pa nsanja kuti asakweze naye dzanja, Ronald Reagan wa Republican n'kudzakolola.

Kusoka kunayamba pa 5 Juni. Atolankhani oyenda ndi a Obama anakwezedwa ndege ya ku Chicago, zitseko n'kutsekedwa, ndipo anazindikira mochedwa kuti mwini wake sali m'ndegemo. Anali kunyumba kwa seneta Dianne Feinstein ku Washington, iwo ndi mayi Clinton awiriwiri pabalaza, opanda alangizi, kwa ola limodzi. Pa 7 Juni mayi Clinton anaimitsa kampeni, anauza owatsatira kuti denga lagalasi lotchinga amayi silinasweke koma lili ndi ming'alu 18 miliyoni, n'kuwapempha kuti agwirire ntchito a Obama. Panali ngongole ya kampeni yoposa madola 20 miliyoni, ina ndalama zawo zomwe anabwereketsa. A Obama anapempha owathandiza kuti asonkheko, iwonso n'kulemba cheke. Udindo wa wachiwiri unapita kwa Joe Biden, ndipo bala linatsegukanso. John McCain analiona, moti posankha mayi Sarah Palin kukhala wachiwiri wake ankayembekeza kutolako amayi okhumudwawo.

Chovuta kwambiri chinali mwambo wa msonkhano waukulu wa chipani ku Denver. A kampeni ya Obama akanakonda kuti dzina likhale limodzi. Otsatira mayi Clinton ankafuna kuti mavoti awo awerengedwe mokweza, dziko limve. Anagwirizana kuti mayina onse awiri alowe. Pa 27 Ogasiti zigawo zinayamba kuitanidwa motsatira alifabeti, chilichonse chikulengeza nthumwi zake. Itafika New Mexico inapereka mpata kwa Illinois, kwawo kwa a Obama, ndipo Illinois inaupereka kwa New York. Mayi Clinton anatulukira pakati pa nthumwi za kwawo, anthu akupanikizana, n'kutenga maikolofoni: anapempha kuti kuwerenga kulekeke, msonkhano wonse uvomereze a Obama ndi mfuu. Nancy Pelosi, wapampando wa msonkhanowo, anafunsa ovomereza, holo inagwedezeka, ndipo anamenya kanyundo asanapereke mpata weniweni kwa otsutsa. Ena ankalira chifukwa cha chimwemwe, ena chifukwa china. Usiku womwewo a Bill Clinton ananena poyera kuti a Obama ndi okonzeka kulamula, mawu amene anakhala akuwameza miyezi yonseyo. Mawa lake a Obama analandira udindowo m'bwalo la mpira, zaka 45 ndendende chilankhulire Martin Luther King za maloto ake ku Washington.

Mu Novembala a Obama anapambana ndi mavoti 365 a nthumwi zosankha pulezidenti, a McCain 173. Kafukufuku wa potuluka m'malo ovotera anasonyeza kuti mwa anthu odzitcha a Democratic, 89 pa 100 aliwonse anawavotera, chimodzimodzi John Kerry, amene anaimira chipanichi mu 2004. PUMA inali ndi phokoso kuposa anthu. Tisaiwale kuti kugwa kwa mabanki mu Seputembala ndi kutopa ndi a Bush zinathandiza kwambiri. Nyumba ikamapsa simufunsa amene anakutukwanani dzana. Pa 1 Disembala a Obama anasankha mayi Clinton kukhala nduna yoona za ubale ndi maiko ena, ndipo ngongole ija inadzatha kumayambiriro kwa 2013.

Mu 2016, mayi Clinton atapikisananso, ovota akuda a ku South Carolina, Jim Clyburn ali patsogolo, ndi amene anadzutsa mayi Clinton atagwa ku New Hampshire pamaso pa seneta Bernie Sanders, ndipo anawapatsa chigawocho ndi mavoti oposa 70 peresenti. Chaka chimenecho odandaula za nthumwi zapadera anali a mbali inayo, mpaka mu 2018 chipani chinazilanda voti ya ulendo woyamba. Pa 12 Julayi 2016 mayi Clinton anaimanso pa nsanja ku New Hampshire, mu holo ya sukulu ku Portsmouth, tauni ya lesitilanti ija, akudikira kuti a Sanders atchule dzina lawo, ena mwa otsatira a Sanders akunyamuka kutuluka.